Tochi yabwino siidziwika ndi nambala ya pakatoni

Mukazungulira mumsika wa pa Kasungu boma, kaya tsiku la msika ku Chamama kapena ku Nkhamenya, simulephera kupeza benchi poti ayala matochi, ena apulasitiki ofiira ndi achikasu aja, ena akuda achitsulo ooneka ngati a asilikali, ndipo pakatoni pake alembapo zinthu zoopsa, 50000 lumens, 100000 lumens, mwina mpaka kunena kuti imaunika makilomita awiri. Wogulitsa amangoyatsa n'kukuthobwani m'maso dzuwa likuswa mtengo, inu n'kuphethira, basi malonda atheka. Pakatha milungu ingapo tochi ija yayamba kufooka, kuti iyake mpaka muimenye kaye padzanja.

Padziko pano pali anthu, ndipo ife ena tinalowa nawo m'gulumo, amene matochi anawasandutsa chokonda chawo, amagula, kusunga, kuyerekeza, kumasula n'kusintha zam'kati. Ena amaweta nkhunda, ena ndi a mpira, ife ndi matochi, musatiseke. Kungoti kunjako zimakhala zosangalatsa mtima chabe pomwe kuno tochi ndi katundu wa pakhomo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno amaunikira usiku ndi matochi komanso nyali za mabatire, pomwe a magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Ndipo a magetsiwo asadzitame, mukukumbukira mu 2022 namondwe Ana ataononga ku Kapichira mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, aliyense anafunafuna tochi. Nde zimene anzathu okonda matochiwa anaphunzira kuno zili ndi ntchito kuposa kwawoko.

Tiyambe ndi kachinthu kowalako. Matochi a makolo athu anali ndi kababu kokhala ndi kawaya kotentha m'kati, kankadya mabatire aakulu a wailesi aja awiri kapena atatu koma kuwala kwake kofiirira kongokwanira kuona poponda. LED ilibe kawaya, ndi kachidutswa kamene kamatulutsa kuwala magetsi akadutsamo. Yofiira inapezeka kalekale, Nick Holonyak anaipanga mu 1962 ku America, koma yabuluu yowala bwino inavuta zaka zambiri mpaka anthu atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anaitulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2014 analandira nayo mphoto ya Nobel. Yabuluuyo ndi imene ili mutochi yanuyo. Taizimitsani muyang'ane m'kati, muona kadontho kachikasu pakati, kameneko ndi mankhwala otchedwa phosphor amene anapaka pamwamba pa LED yabuluu, amasandutsa kuwala kwina kukhala kwachikasu, zikasakanikirana maso athu amaona zoyera. Makampani opanga ma LED odalirika ndi owerengeka, Cree, Nichia, Luminus, Osram, ndipo tochi yeniyeni imatchula LED yake ndi dzina ndi nambala yomwe, monga SST-40 kapena 519A. Yongolemba kuti super bright osatchula kalikonse, yambani kale kukayika.

Tsopano ma lumen aja. Lumen ndi muyezo wa kuwala konse kumene kukutuluka. Babu lakale la mawati 60 lija linkatulutsa ma lumen pafupifupi 800, getsi limodzi la kutsogolo kwa galimoto la halogen limasewera pa 1000 mpaka 1500 kapena kuposerako pang'ono. Nde taganizani, katochi kolowa m'thumba la jekete akuti kakuposa magalimoto makumi angapo atayatsa pamodzi. Masamu ake ndi osavuta, LED yabwino mutochi imapereka ma lumen apakati pa 100 ndi 150 pa wati imodzi, kutanthauza kuti kuti mupeze 100000 mukufunika mawati oposa 600, pomwe batire limodzi labwino la mtundu wa 18650 limasunga mphamvu yoti lingapereke mawati 12 kwa ola limodzi. Likanatha pa mphindi imodzi, ndipo dzanja lanu likanapsa lisanathe n'komwe. Tochi ya 100000 yeniyeni ilipo, Imalent MS18, koma ili ndi ma LED 18, mafani oziziritsa m'kati, ndipo imalemera pafupifupi makilo awiri. Za pabenchi zija zikalimba zimatulutsa mazana ochepa chabe, zomwe si zoipa ayi, mazana ochepawo ndi okwanira ntchito zambiri, choipa ndi bodzalo chifukwa wonama pa nambala imeneyi wanamanso pa batire.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'choti maso athu saona kuwala molingana ndi nambala. Tochi ya 1000 ndi ya 1200 mutaziyatsa pamodzi simungaloze kuti yowala ndi iti. Kuti muone ngati kuwala kwawirikiza pamafunika ma lumen ochuluka pafupifupi kanayi. Choncho kuonjezera ndalama chifukwa cha 200 wapamwambayo n'kutaya.

Kuunika patali ndi nkhani ina, muyezo wake ndi candela. Taganizirani kuthirira kudimba, ma lumen ndi madzi onse amene ali m'keni, candela ndi mphamvu imene akuthovokera malo amodzi, madzi omwewo mutha kuwamwaza pabedi lonse ndi chisefa chija kapena kuchichotsa kuti apite pa phando limodzi. Chimene chimachita zimenezi mutochi ndi kambale konyezimira kozungulira LED kaja. Kakakhala kakakulu, kakuya ndi kosalala, LED yake n'kukhala yaing'ono, kuwala kumapita patali ngakhale ma lumen ali ochepa. Kakakhala kakang'ono kapena kokhakhala, kuwala kumamwazika pafupi. N'chifukwa chake tochi ya mutu waukulu ya ma lumen 500 imatha kufika kutali kuposa ya mutu waung'ono ya 2000.

Makampani achilungamo amatsatira muyezo umene unakhazikitsidwa mu 2009 wotchedwa ANSI FL1, ndipo tizithunzi take mudzationa pakatoni. Pa muyezo umenewu mtunda amawerengera mpaka pamene kuwala kwatsika kufika pa 0.25 lux, komwe n'kofanana ndi kuwala kwa mwezi wathunthu. Candela 10000 imapereka mamita 200, kuti mufike mamita 400 mukufunika 40000. Koma pamapeto penipenipo simungazindikire kuti chayimacho ndi ng'ombe kapena chitsa, nde ine ndimati nambala ya mtundayo muziidula pakati, yotsalayo ndi imene mudzaigwiritse ntchito. Nthawi yoyaka nayonso ili ndi kamsampha kake, amawerengera mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti ya poyambira. Akalemba kuti maola anayi pa 1000 sakunena kuti muona 1000 kwa maola anayi onsewo.

Apa m'pamene pali nkhani ya kutentha, imene ogulitsa satchula. LED siitentha kutsogolo ngati babu koma imatentha kumbuyo kwake, ndipo kutenthako kukapanda kothawira LED imafooka kapena kupsa. N'chifukwa chake matochi abwino amakhala a aluminiyamu, thupi lonse limakoka kutentha n'kukutaya kumphepo. Mukagwira tochi yamphamvu n'kumva kuti yafunda m'manja musadandaule, ikugwira ntchito yake, yoopsa ndi yowala kwambiri koma kunja kuli zii, kutentha konse kwatsekeredwa m'kati. Giya yapamwamba imene amaitcha turbo imakhala mphindi imodzi kapena ziwiri kenako tochi imadzitsitsa yokha, ndipo m'nyengo ya Okutobala kuno imatsika msanga kuposa mu Juni. Katochi ka batire limodzi kakhoza kulembedwa 2000 moona ndithu, koma kuwala koti kangakhale nako kosatsika ndi mazana angapo. Okonda matochi amafunsa nambala yachiwiriyi. Mlonda wa pa esiteti amene akuzungulira mabalani usiku wonse turbo alibe nayo ntchito kwenikweni, akufuna kuwala kosasintha mpaka tambala alire. Chimene chimalamulira zonsezi ndi kabolodi kakang'ono kotchedwa driver, kabwino kamasunga kuwala pamlingo umodzi mpaka batire litatsala pang'ono kutha, kotchipa kamangotsatira batire, likamafooka nako kuwala kukufooka, ndipo kena kamachepetsa kuwala pothimathima mofulumira kwambiri, mukagwedeza dzanja kutsogolo kwake mumaona zala zikuduka-duka, ena mpaka mutu umawapweteka.

Ine tochi ndimaiyesa ndi giya yotsikitsitsa. Yabwino imakhala ndi kagiya ka lumen imodzi kapena kucheperapo, kongokwanira kupeza nsapato, kuona mwana muneti osamudzutsa, kupita kuseri usiku osadzionetsa mudzi wonse, ndipo pa giya imeneyo batire limatha masiku ambirimbiri. Zotchipa zija zimayambira pamwamba, kenako pakati, kenako kuthwanima kuja ngati kudisiko, kenako SOS, ndipo kuti muzimitse mpaka mudutse monsemo. Amene anaganiza zimenezo sanayambe wadzukapo pakati pausiku m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mbali inayi nakonso kuli kupitirira muyezo, matochi ena a okonda zinthuzi ali ndi pulogalamu yotchedwa Anduril yomwe kudina kawiri, katatu, kudina n'kugwira, chilichonse chili ndi tanthauzo lake, kwa ife n'zokoma koma mukawapatsa agogo adzakubwezerani mawa lake.

Mtundu wa kuwala ndi pomwe munthu amadziwika kuti walowerera. Amauyeza mu kelvin, 2700 mpaka 3000 ndi kofiirira ngati babu lakale, 4000 mpaka 5000 ndi kwapakati, 6500 ndi koyera mopita kubuluu, komwe ndi kwa matochi ambiri a mumsika chifukwa kumaoneka kowala kwambiri m'maso mwa wogula. Koma kayeseni mu Seputembala fumbi lili kobo, tchire likupsa anyamata akusaka mbewa, kapena m'mawa wa mu Julayi nkhungu itagwira kudambo, koyera kwabuluuko kumakubwererani m'maso, pomwe kofiirirako sikuthobwa kwambiri ndipo maso satopa nako. Palinso nambala ina, CRI, yonena mmene kuwala kukuonetsera mitundu ya zinthu moona. Dzuwa ndi 100, ma LED wamba amakhala cha m'ma 70, abwino ngati Nichia 519A amapitirira 90. Pa 70 zofiira ndi zofiirira zimafa, zonse zimaoneka zotuwa. Kwa ife a dera la fodya izi si nkhambakamwa, lowani m'chigafa usiku ndi tochi yabuluu ija, tsamba lachikasu, lofiirira ndi loyamba kuola onse amaoneka pachibale, bwererani ndi ya CRI yokwera muona kusiyana. Sindikunena kuti muzisankha fodya wopita ku Chinkhoma ndi tochi, ameneyo amafuna kuwala kwa masana, koma poyendera usiku imathandiza. Chimodzimodzi makaniko wosiyanitsa waya wofiira ndi wabulauni pansi pa galimoto, komanso mphiri itadzipinda pamasamba ouma m'njira, khungu lake ndi masambawo zimasiyana ndi mtundu basi. Mtengo wake ndi woti LED ya CRI yokwera imachepa kuwala pang'ono poyerekeza ndi inzake, ine ndimalolera.

Koma mtima wa nkhani yonseyi kuno kwathu ndi batire, chifukwa tochi yabwino ikhoza kukhala zaka, chimene chimafa kapena kudya ndalama ndi batire. Mabatire otaya aja, a wailesi ndi tating'ono ta AA, ubwino wake amapezeka pa okala iliyonse mpaka kumudzi kwenikweni, koma mukawerengera za chaka chonse mupeza kuti mwagula tochi ina kangapo, ndipo mukawaiwala m'kati amatuluka madzi oyera aja n'kudya sipuling'i, tochi yatha. Ngati tochi yanu ndi ya AA, otchajanso a NiMH monga Eneloop ndi abwino ndipo satuluka madzi chisawawa. Kenako pali matochi apulasitiki otchaja okhala ndi timano tiwiri tolowetsa pasoketi, ambiri mwa amenewa m'kati muli kabatire ka mtovu ndi asidi, ka banja limodzi ndi la galimoto, ndipo mtundu umenewu umadana ndi kukhala wopanda moto. Mukaugwiritsa mpaka kuthimiratu n'kuusiya sabata kudikira wopita ku trading centre kukatchajitsa, ukamabwera wachepa kale mphamvu, kangapo kokha basi wafa. Anthu amati tochi inali yabodza, pomwe nthawi zina ndi kasungidwe.

Okonda matochi amagwiritsa ntchito a lithium, makamaka 18650. Nambalayo ndi kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali, ndipo mkulu wake ndi 21700 amene amasunga cha m'ma 5000mAh, mAh ndi muyezo wa moto umene batire limasunga. Likadzadza limakhala pa mavoti 4.2, ndipo silifunika kutsika kupitirira 2.5. Tsono gwirani ichi, 18650 leniweni lochokera ku Samsung, LG, Panasonic, Murata kapena Molicel limathera cha m'ma 3500mAh. Mukaona lolembedwa 6800 kapena 9900mAh, limenelo ndi bodza lopanda manyazi, ndipo kawirikawiri silifika ngakhale theka la lenilenilo. Njira yachidule ndi kulemera, lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, labodza limapepuka moti ngakhale m'manja mumamva mukanyamula awiriwo. Anyamata okonza mafoni ndi malaputopu amachotsa mabatire amenewa m'mabatire a malaputopu akale, ndipo kunena zoona ambiri amakhala a makampani enieni, kungoti ndi otopa. Ngati mukugula oterowo auzeni ayeze ndi mita muli pomwepo, limene lagona pansi pa mavoti 2.5 lisiyeni, limene likutentha potchaja lisiyeninso.

Lithium sasewera naye, makamaka m'nyumba ya denga la udzu. Kapulasitiki kokuta batire kakang'ambika musaligwiritse ntchito mpaka litakutidwanso, chifukwa thupi lonse lachitsulolo ndi negetivu ndipo mpata wake ndi pozitivu kumutu kuja ndi wochepa kwambiri. Osaliika m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, osatchaja pamphasa kapena pansi pa pilo n'kugona, osalisiya padashibodi galimoto ili padzuwa, ndipo likafa osaliponya padzala poti mudzayatsa moto. Alipo ena okhala ndi kabolodi koteteza kumapeto, amatalikirapo pang'ono moti salowa m'tochi iliyonse, nde funsani kaye. Samalaninso ndi 14500, kukula kwake ndi chimodzimodzi AA koma mavoti ake ndi 3.7 osati 1.5, mukaliika m'tochi yosalolera limenelo iwala bwino kamodzi kokha.

Masiku ano matochi ambiri ali ndi potchajira pa USB-C pathupi pomwepo, zomwe kwa munthu wa sola yapanyumba kapena power bank ndi mpumulo, chingwe cha foni chomwecho chikwanira. Ena otchipa amakana chingwe cha C mbali zonse koma amalola chokhala ndi mutu waukulu wakale uja mbali imodzi, nde musanaitaye yesani chingwe china. Chimene ine ndimakana ndi tochi yoti batire lake silichoka, kapena yofuna batire ndi tchaja ya kampani yomweyo basi, monga amachitira Olight pa matochi awo ambiri ndi tchaja ya maginito ija. Ndi matochi okongola, koma tchaja imeneyo ikasowa muli ku Santhe muipeza kuti? Komanso matochi a batani la m'mbali amaba moto pang'onopang'ono ngakhale ali ozima, mankhwala ake n'kumasula chivundikiro cha kumbuyo pang'ono pokha mukamaisunga, pa matochi ambiri a aluminiyamu zimenezi zimadula moto ndipo siingayake yokha m'chikwama.

Za zoom zija, zokoka mutu kuti kuwala kukhale kabokosi, zimasangalatsa ana koma mukakoka kuti ipite patali kuwala kwambiri kumatsalira m'kati mwa mutu, ndipo kukokakokako kumapopera fumbi ndi chinyezi m'kati. Pa madzi yang'anani IPX, ya IPX4 imapirira mvula yowaza, IPX7 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30, IPX8 kuposa apo. Chimagwira ntchitoyo ndi timphira tozungulira pa mazinga, tikauma tipakeni girisi wa silicone.

Nde mukafunsa kuti munthu mmodzi matochi ambiri achitenji, yankho ndi loti palibe imodzi yochita zonse. Ya m'thumba ya tsiku ndi tsiku ikhale yaing'ono, yomwaza, ya giya yotsika bwino, foni ipume chifukwa tochi ya foni imangomaliza batire loti muimbire anthu zikavuta. Ya pachipumi ndiyo imene anthu amaichedwera, koma wosonkhezera moto pabalani usiku, wokama ng'ombe m'bandakucha, mayi wophika magetsi atathima, akangoiyesa sabwereranso zoluma tochi pakamwa. Yoponya patali ndi ya oyang'anira minda ndi makola, makamaka abale athu a kufupi ndi paki cha kwa Chulu uko, poti chibwerereni njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022 nkhani ya nyama kutuluka m'paki siikutha. Pamenepo ntchito ya tochi ndi kukuonetsani chinthu chikadali kutali kuti mudziwe kolowera ndi kuitana a zanyama, musadzinamize kuti ma lumen athamangitsa njovu. A kabaza omangirira tochi pahandulo, chonde iweramitseni iziunika pansi kutsogolo kwa tayala, tochi ilibe dimu ngati galimoto, mukaiimika mumathobwa dalaivala amene akubwera kutsogolo kwanu pa M1 ndipo woopsezedwa ndi inu nomwe.

Mayina oti muyambirepo alipo. Convoy S2+ ndi imene ambiri amayambira chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo pogula mumasankha nokha LED ndi mtundu wa kuwala, ikaonongeka imamasuka n'kukonzeka. Sofirn ndi Wurkkos nawonso sadula kwambiri ndipo kawirikawiri amabwera ndi batire lenileni. Fenix ndi Nitecore ndi okwererapo. Pafupifupi onsewa ndi a ku China komweko, nde nkhani yoti chilichonse cha ku China n'chabodza tiyeni tiisiye, kumeneko kumachokera zabwino kwambiri ndi zinyalala zomwe, zimatengera amene anakaoda anafuna ziti. Maglite ya ku America ija, yoyamba mu 1979, yaitali yolemera ya mabatire aakulu, osunga matochi amaikondabe chifukwa cha mbiri yake ngakhale kuti pa kuwala tating'ono ta lero tinaipitirira kalekale. Vuto ndi kapezedwe, m'mashopu a pa boma simuwapeza kawirikawiri, ambiri amaitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku Joni, ndipo mabatire a lithium paokha amavuta kutumiza pandege, choncho poitanitsa sankhani yobwera ndi batire lake m'kati. Mayina otchukawa amaberedwanso, ikafika yerekezani zolemba za pathupi ndi nambala yake ndi zimene kampaniyo inaika pa intaneti.

Ngati mukugula pabenchi pomwepo, zomwe ambirife tidzachitabe, masulani kumbuyo muone batire ngati likuchoka ndi zimene alembapo, linyamuleni mumve kulemera, yang'anani ngati pa mazinga pali kamphira, dinani mudutse magiya onse muone ngati ilipo yotsika, kenako isiyeni yoyaka pamwamba mphindi zingapo mukucheza ndi wogulitsayo muone ngati thupi likufunda komanso ngati kuwala sikukugwa msanga. Akakana kuti mumasule pitani benchi ina.